Joliba, Mtsinje Umene Udafulatira Nyanja

Pa mitsinje ikuluikulu ya mu Africa, Niger ndi wachitatu kutalika, ndipo umaposedwa ndi Nile ndi Congo basi. Kutalika kwake ndi makilomita pafupifupi 4,180. Chodabwitsa pa mtsinjewu ndi njira imene umayenda. Gwero lake lili m'mapiri a dziko la Guinea, pafupi ndi malire a Sierra Leone, makilomita 240 okha kuchokera ku nyanja yamchere ya Atlantic. Munthu angayembekeze kuti madziwo angotsetsereka n'kukathira m'nyanjamo m'masiku ochepa. Koma mtsinjewu umaifulatira nyanja, n'kulunjika kumpoto chakum'mawa, ku chipululu cha Sahara. Umadutsa Bamako, Segu ndi Mopti. Ukafika cha ku Timbuktu umayenda m'mphepete mwenimweni mwa mchenga, kenako umapindika ngati uta n'kutsikira kummwera chakum'mawa, kudzera ku Gao ndi Niamey. Ukalowa m'dziko la Nigeria umakumana ndi Benue pa Lokoja, ndipo potsiriza umakathira m'nyanja yomwe ija udaithawa poyamba.

Akatswiri a za nthaka amafotokoza kuti kalekale iyi inali mitsinje iwiri. Wa kumtunda unkathera m'nyanja ina ya m'kati mwa dziko, kufupi ndi kumene kuli Timbuktu lero, pomwe wa kumunsi unkayambira m'mapiri a kum'mawa kwa nyanjayo n'kutsikira kummwera. Patapita nthawi madzi adaboola njira ndipo iwiriyo idalumikizana. Kupindika kumeneku ndi kumene kudapereka madzi okhazikika pakhomo penipeni pa chipululu, pamalo pamene ngamira yochokera kumpoto ikadatha kukumana ndi bwato lochokera kummwera. Mbiri yambiri ya Chisilamu kumadzulo kwa Africa idachitikira pamenepa.

Eni ake amautchula mayina osiyanasiyana. Amande amati Joliba, Asonghay amati Isa Ber, kutanthauza mtsinje waukulu, kumunsi ena amati Kwara, ndipo Ayoruba amati Oya. Atuareg a m'chipululu amati Egerew n-Igerewen, mtsinje wa mitsinje, ndipo ambiri amaganiza kuti dzina loti Niger lidachokera ku mawu amenewa.

Dambo lalikulu la pakati

Kuti timvetse anthu a m'mbali mwa mtsinjewu, tiyenera kuyamba tamvetsa kusefukira kwake. Mvula yamphamvu imagwa ku Guinea kuyambira cha mu Juni mpaka Sepitembala. Madziwo akatsika n'kudutsa Segu amapeza chigwa chathyathyathya, chopanda motsetsereka mwenimweni, ndipo amamwazika. Mtsinje wa Bani nawo umadzathira pa Mopti. Zotsatira zake ndi dambo lalikulu la mitsinje ing'onoing'ono, nyanja ndi zilumba, limene limatchedwa Masina kumbali ina, ndipo pakati pake pali nyanja ya Debo. Madzi amayenda pang'onopang'ono m'dambomo, kotero kuti amafika pachimake ku Timbuktu cha mu Disembala kapena Januwale, mvula italeka kalekale, ndipo ku Niamey amafika mochedwerapo. Gawo lalikulu la madziwo limauma ndi dzuwa kapena kulowa pansi lisanatuluke m'dambomo.

Malo amodzi omwewo amagwiritsidwa ntchito ndi anthu a mitundu itatu kapena inayi pa chaka. Madzi akadzaza, ndi nthawi ya asodzi Achibozo ndi apamabwato Achisomono. Alimi amadzala mpunga wa mtundu wa kuno ku Africa, umene phesi lake limakula motsatira kukwera kwa madzi. Madzi akayamba kuphwa pamatsala udzu wonona wotchedwa burgu, ndipo Afulbe amabwera ndi ng'ombe zawo kuchokera ku msipu wa kutali. Kuwoloka kwa ng'ombe pa Diafarabé kudakhala chikondwerero cha chaka ndi chaka. Wophunzira Fiqh aone kale funso limene likubisala apa: malo amene mwezi uno ndi nyanja ya msodzi, mwezi wamawa ndi munda, ndipo mwezi winawo ndi msipu, mwini wake ndani? Funsoli tidzalipezanso kutsogoloku, pamene boma lina la Chisilamu lidayesa kuliyankha ndi malamulo.

Mizinda idayamba m'dambomu Chisilamu chisanafike. Pa chitunda cha Jenne-jeno, pafupi ndi mzinda wa Jenne, Roderick ndi Susan McIntosh adayamba kufukula mu 1977 ndipo adapeza kuti anthu adakhazikikapo cha m'ma 250 Yesu (Mtendere ukhale pa iye) asanabadwe. Ankasula zitsulo, ankalima mpunga, ndipo ankagula miyala ndi mkuwa kuchokera kutali. Izi zidagwetsa maganizo akale oti malonda ndi mizinda kuderali zidabwera ndi Aarabu. Amalonda Achisilamu adapeza misika ilipo kale, ndipo adailumikiza ndi Sijilmasa, Tlemcen, Tunis ndi Cairo. Mchere unkachokera ku Taghaza, m'kati mwa chipululu, kumene ngakhale nyumba zinkamangidwa ndi miyala ya mchere. Golide ankachokera ku Bambuk ndiponso ku Bure, dera la kumtunda kwa mtsinje. Pakati pa ziwirizi panali bwato.

Zimene olemba a Chiarabu adamva ndi zimene adaona

Olemba oyamba a Chiarabu amene adafotokoza za derali ambiri sadapondeko. Al-Bakri adalemba Kitab al-Masalik wa al-Mamalik mu 1068 ali ku Andalus, potengera zimene amalonda adamuuza ndi mabuku a omwe adamutsogolera. Ndi iye amene akutiuza kuti likulu la Ghana linali mizinda iwiri, wina wa mfumu ndi wina wa Asilamu wokhala ndi mizikiti 12. Mtsinjewo adangoutchula kuti Nil. Al-Idrisi, amene adamaliza buku lake mu 1154 ku Sicily m'bwalo la mfumu Roger II, adati pali Nil ya dziko la anthu akuda imene imachokera gwero limodzi ndi Nil ya ku Egypt, koma iyo imalowera kumadzulo n'kukathira mu Atlantic. Zikuoneka kuti adaphatikiza mtsinje wa Senegal, umene umalowadi kumadzulo, ndi Niger, n'kuiyesa umodzi. Chifukwa cha kutchuka kwa al-Idrisi, ojambula mapu adakhala akukopera cholakwika chimenechi kwa zaka mazana.

Ibn Battuta yekha ndiye adafika n'kukwera bwato. Adanyamuka ku Sijilmasa mu Febuluwale 1352, adadutsa Taghaza ndi Walata, n'kukakhala miyezi ingapo ku likulu la Mali m'nthawi ya Mansa Sulayman. Pobwerera mu 1353 adakwera bwato losemedwa ku mtengo umodzi kuchokera ku Timbuktu kupita ku Gao, akugula chakudya m'midzi ndi mchere ndi mikanda. Iye adadziwa kuti madzi akulowera kum'mawa, pakuti adayenda nawo. Koma kumene maso ake sadafike adadzazako ndi zimene ankakhulupirira, ndipo adati mtsinjewo umapitirira mpaka ku Nubia ndi ku Egypt. Pamene adaona mvuu koyamba adaziyesa njovu. Akusimbanso kuti tsiku lina atatsikira kumtsinje kukadzithandiza, munthu wina adadzaima pakati pa iye ndi madzi. Ibn Battuta adaona ngati ndi kupanda ulemu, mpaka ena adamufotokozera kuti munthuyo ankamutchinjiriza ku ng'ona.

Ulendo wa Ibn Battuta ndi wofunika kwa ife chifukwa akutionetsa Chisilamu cha ku Mali ndi mbali zake zonse. Adayamikira chitetezo cha m'misewu, kusalanda chuma cha mlendo womwalira, kudzaza kwa mzikiti pa Jumu'ah kotero kuti anthu ankatumiza mikeka mwamsanga kuti iwasungire malo, ndi khama lophunzitsa ana kuloweza Qur'an. Adanyansidwa ndi miyambo ina ya m'bwalo la mfumu, monga kudzithira fumbi kumutu pamaso pa mfumu. Chisilamu ndi miyambo ya makolo zinkayendera limodzi, ndipo mkangano wa kuti malire ali pati ndi umene udzabwerebwere m'mbiri yonse ya mtsinjewu.

Wina amene adasokoneza zinthu ndi al-Hasan al-Wazzan, amene Azungu amamudziwa kuti Leo Africanus. Iye adafikadi ku Timbuktu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1500, ndipo buku lake, limene lidasindikizidwa ku Venice mu 1550, likunena kuti mabuku olembedwa pamanja ankapindulitsa kuposa katundu wina aliyense pa msika wa mzindawo. Koma buku lomwelo likuti mtsinjewo umalowera kumadzulo, chikhalirecho mwini wake akuti adayendapo. Apa pali phunziro la ilimu ya Hadith limene ophunzira athu amalidziwa: kukhalapo pamalo ndi china, kusunga bwino zimene waona ndi chinanso.

Za Mansa Musa ndi Hajj yake ya mu 1324 zalembedwa kwambiri, ndipo sitichedwapo. Al-Umari akusimba kuti golide amene adagawa ku Cairo adatsitsa mtengo wa golide kwa zaka. Chokhudza mtsinjewu ndi chakuti pobwerera adadzera ku Gao ndi Timbuktu, ali ndi mlakatuli wa ku Granada, Abu Ishaq al-Sahili, amene dzina lake limalumikizidwa ndi mzikiti wa Jingereber. Al-Sahili adamwalira ku Timbuktu, ndipo Ibn Battuta adaona manda ake.

Songhay ndi mafunso a Askia

Mali unali ufumu wa akavalo ndi golide wa kumtunda. Songhay unali ufumu wa mtsinje weniweni. Likulu lake linali Gao, ndipo mphamvu yake idatsamira pa asodzi Achisorko ndi mabwato awo. Panali udindo wapadera wa mkulu wa mabwato, wotchedwa hi-koi. Sunni Ali, amene adalamulira kuyambira 1464 mpaka 1492, adalanda Timbuktu patangopita zaka zochepa atalowa ufumu, ndipo maulama ambiri adathawira ku Walata poopa nkhanza zake. Jenne adauzinga ndi mabwato nthawi ya madzi osefukira. Al-Sa'di, mu Tarikh al-Sudan, akuti kuzingako kudatha zaka 7, miyezi 7 ndi masiku 7, nambala imene ikumveka ngati ya nthano za pabwalo kuposa ya m'kaundula. Mfumuyi inkadalira madzi kwambiri mwakuti idayamba kukumbitsa ngalande yochokera ku Ras al-Ma yoti ikafike ku Walata, m'kati mwa chipululu, kuti mabwato ake ankhondo akafikeko. Ntchitoyo idasiyidwa chifukwa cha nkhondo ndi Amossi. Olemba mbiri a ku Timbuktu akuti Sunni Ali adafa pomira m'madzi pobwerera ku nkhondo.

Mu 1493 kazembe wina wankhondo, Muhammad, adagonjetsa mwana wa Sunni Ali n'kutenga ufumu ndi dzina la Askia. Adapita ku Hajj pakati pa 1496 ndi 1498. Atabwerera adapereka mafunso kwa sheikh wa ku Tlemcen, Muhammad ibn Abd al-Karim al-Maghili, amene anali atafika ku Gao. Mafunsowo ndi mayankho ake zidasungika, ndipo ndi chimodzi mwa zolemba zofunika kwambiri za Fiqh ya ulamuliro kumadzulo kwa Africa. Askia adafunsa za anthu otchula Shahada koma akupereka nsembe ku mitengo ndi miyala, za amalonda obera pa miyeso ndi sikelo, za mitundu imene chuma cha masiye chimapita kwa mwana wa mlongo m'malo mwa ana a malemu, ndiponso za maulama osadziwa bwino Chiarabu amene anthu ankawatsatira. Funso lalikulu linali la Sunni Ali mwini: kodi anali Msilamu, nanga chuma ndi akapolo amene adasiya ndi a ndani? Al-Maghili adayankha kuti, malinga ndi zimene zafotokozedwa, Sunni Ali ndi omuthandiza ake anali atatuluka m'Chisilamu, ndipo kumenyana nawo kunali koyenera.

Tiyenera kuwerenga yankho limeneli ndi maso awiri. Amene adafotokoza za Sunni Ali kwa mufti ndi munthu yemwe adalanda mpando wa mwana wake, ndipo ankafuna chifukwa cha Shariah chomuikira kumbuyo. Mufti amayankha funso monga lamufikira, ndipo al-Maghili sadamuonepo Sunni Ali. Olemba mbiri amene adamujambula Sunni Ali ngati chilombo nawonso anali a m'gulu la maulama, limene iye adalizunza. Kuti anali wankhanza kwa maulama a ku Timbuktu palibe wotsutsa. Koma chigamulo cha kufr chimene chidatuluka m'mafunsowa chidakhala ndi moyo wautali kuposa onse okhudzidwa: patapita zaka 300, Sheikh Uthman dan Fodio ndi anzake adatsamira pa mayankho omwewa potsutsa mafumu a Hausa.

Timbuktu ndi Ahmad Baba

Timbuktu suli pamtsinje penipeni. Uli makilomita angapo kumpoto, ndipo doko lake linali Kabara. M'nthawi ya ma Askia mzindawu udafika pachimake cha maphunziro. Kunalibe sukulu imodzi yaikulu yokhala ndi mkulu wake monga ena amaganizira akamva za Sankore. Wophunzira ankakhala pansi pa sheikh mmodzi, m'nyumba mwake kapena mumzikiti, n'kuwerenga buku mpaka kumapeto, kenako n'kulandira ijaza. Madhhab anali a Imam Malik, pomwe ambiri a ife kuno tidakulira mu madhhab a Imam Shafi'i amene adabwera kudzera kugombe la kum'mawa. Choncho mabuku awo anali Muwatta, Mudawwana ya Sahnun, Risala ya Ibn Abi Zayd al-Qayrawani, Mukhtasar ya Khalil, ndi al-Shifa ya Qadi Iyad. Ukadhi wa mzindawo udakhala nthawi yaitali m'banja la Aqit.

M'banja limeneli mudabadwa Ahmad Baba mu 1556. Mphunzitsi wake wamkulu anali Muhammad Baghayogho, amene Ahmad Baba adamukumbukira ngati munthu wobwereketsa mabuku ake osowa kwa aliyense, ngakhale wosamudziwa, osawalonjerera.

Mu 1590 Sultan wa Morocco, Ahmad al-Mansur, adatumiza asilikali pafupifupi 4,000 motsogozedwa ndi Judar Pasha kuti awoloke chipululu. Ankafuna mchere wa Taghaza ndi golide. Mu Malichi 1591 adakumana ndi Askia Ishaq II pa Tondibi, kumpoto kwa Gao. Asonghay anali ambiri kutalitali, koma analibe mfuti. Akuti adathamangitsira gulu la ng'ombe kwa adaniwo, koma kulira kwa mfuti kudazibweza n'kupondereza eni ake. Apa panali Asilamu akuthira nkhondo Asilamu anzawo a madhhab amodzi. Mu 1593 maulama a banja la Aqit adamangidwa, ndipo chaka chotsatira adatengedwa kupita ku Marrakesh. Ahmad Baba adataya mabuku 1,600, ndipo adanena yekha kuti nkhokwe yake inali yaing'ono poyerekeza ndi za abale ake. Wolemba mbiri wa ku Morocco, al-Ifrani, akusimba kuti Ahmad Baba atamubweretsa kwa Sultan adamupeza akuyankhula ali kuseri kwa chinsalu, ndipo adakana kupitiriza mpaka chinsalucho chitachotsedwa, pomukumbutsa kuti kuyankhula kuseri kwa chotchinga ndi mbiri imene Qur'an yaitchula kwa Allah mu Surat al-Shura. Ku Marrakesh adaphunzitsa ndi kupereka fatwa, ndipo kumeneko adalemba Nayl al-Ibtihaj, buku la mbiri za maulama a Chimaliki. Adaloledwa kubwerera kwawo al-Mansur atamwalira, ndipo adafika ku Timbuktu cha mu 1608. Adamwalira mu 1627, Allah amuchitire chifundo.

Mabwato amene ankanyamula mabuku ndi mchere ankanyamulanso anthu ogulitsidwa, ndipo izi sitingazilambalale. Mu 1615 anthu a ku Tuat adatumiza mafunso kwa Ahmad Baba okhudza akapolo ochokera kummwera, ndipo yankho lake ndi buku la Mi'raj al-Su'ud. Adanena poyera kuti khungu lakuda si chifukwa chochititsa munthu kukhala kapolo, ndipo adakana nthano yoti anthu akuda ndi otembereredwa chifukwa cha Ham mwana wa Mneneri Nuh (Mtendere ukhale pa iye). Adatchula maiko amene anthu ake adalowa Chisilamu mwa kufuna kwawo, monga Bornu, Kano, Katsina, Songhay ndi Mali, n'kugamula kuti munthu wochokera kumeneko akanena kuti ndi mfulu, mawu ake alandiridwe, ndipo umboni ufunidwe kwa amene akuti ndi mwini wake. Kwa munthu wogwidwa ku Kano n'kukagulitsidwa ku Morocco, fatwa imeneyi ikadatha kukhala chipulumutso. Komabe tiyenera kunena chilungamo: Ahmad Baba sadathetse ukapolo. Adatchulanso mitundu imene adaiona kuti si Asilamu, monga Amossi, ndipo kwa iyo chitseko adachisiya chotsegula. Kufunsa kwa anthu a ku Tuat kukusonyezanso kuti ogula ambiri sankafunsa n'komwe.

Dina ya Masina

Titadumpha zaka 200, tikupeza dambo lija lili m'manja mwa mphunzitsi Wachifulbe, Seku Amadu, amene amatchedwanso Ahmad Lobbo. Adapambana nkhondo ya Noukouma mu 1818 n'kumanga likulu latsopano, Hamdallahi. Boma lake linkatchedwa Dina, ndipo linkayendetsedwa ndi bwalo la maulama 40. Ndi boma limeneli limene lidayankha funso lija la mwini dambo. Lidagawa dambolo m'zigawo zoposa 30 zotchedwa leydi, lidakhazikitsa njira zodutsa ng'ombe kuti zisalowe m'minda, lidaika ndondomeko ya gulu loyamba kulowa mu burgu ndi lotsatira, ndipo lidatsimikiza udindo wa jowro, woyang'anira msipu. Dina idagwa kalekale, koma mpaka lero milandu ya msipu kuderalo imatchulabe malamulo a Dina. M'maganizo athu, ichi ndi chimodzi mwa zipatso zokhalitsa za Fiqh pa mtsinjewu, ngakhale sichitchulidwa kawirikawiri monga nkhondo zake.

Dina inali ndi kuuma kwakenso. Idaletsa fodya, chikhalirecho Ahmad Baba adali atalemba kale kuti ndi wololedwa, ndipo izi zidaikanganitsa ndi amalonda a ku Timbuktu. Seku Amadu adausiya mzikiti wakale wa Jenne kuti ugwe n'kumanga wina wopanda zokongoletsa. Umene timauona pa zithunzi lero udamangidwa mu 1907. Pali nkhani inanso imene aphunzitsi a mbiri ayenera kuidziwa. Buku la Tarikh al-Fattash lili ndi ulosi woti kudzabwera Khalifa wa 12 dzina lake Ahmad ku Masina. Nehemia Levtzion, ndipo pambuyo pake Mauro Nobili, adasonyeza kuti mbali zimenezi zidalowetsedwa m'zaka za m'ma 1800 ndi Nuh ibn al-Tahir, mlembi wa Dina, pofuna kulimbitsa ulamuliro wa Seku Amadu. Buku lakale lolembedwa pamanja nalonso limafunika kufufuzidwa sanad yake.

Mu 1853 Mjeremani Heinrich Barth adafika ku Timbuktu, ndipo mtsogoleri wa Hamdallahi, mdzukulu wa Seku Amadu, adalamula kuti amugwire. Sheikh Ahmad al-Bakkai al-Kunti adakana. Adalemba kalata yofotokoza kuti mlendo amene wapatsidwa aman, ndipo dziko lake silili pa nkhondo ndi Asilamu, magazi ake ndi chuma chake ndi zoletsedwa. Barth adatuluka wamoyo mu 1854. Dina yokhayo idagwetsedwa ndi Msilamu mnzake, al-Hajj Umar Tal, amene adalanda Segu mu 1861 ndi Hamdallahi mu 1862, atasinthana ndi mtsogoleri wa Masina makalata a Fiqh, aliyense akusonyeza kuti mnzakeyo ndiye walakwira Shariah. Umar Tal adafa mu 1864 m'mapiri a Bandiagara, anthu a Masina ndi a Kunta atamuukira. Afalansa atafika adapeza dera lotopa ndi nkhondo: adalanda Segu mu 1890 ndi Jenne mu 1893, kenako Timbuktu.

Azungu ndi matsiriro a mtsinje

Mabuku a sukulu ankati Mungo Park ndiye adatulukira Niger. Chimene chidachitika ndi chakuti mu Julayi 1796 adafika pa Segu, pamene padali kale mabwato owolotsa anthu ndi khamu likudikira, n'kuona kuti madzi akulowera kum'mawa, zimene msodzi aliyense pamenepo ankadziwa. Pa ulendo wake wachiwiri adafera pa mathithi a Bussa cha mu 1806. Mu 1830 abale awiri, Richard ndi John Lander, adatsika ndi bwato kuchokera ku Bussa mpaka kunyanja. Apo m'pamene Azungu adazindikira kuti timitsinje ta m'gombe la Nigeria, m'mene adakhala akugulamo akapolo ndi mafuta a kanjedza kwa zaka mazana, tinali matsiriro a mtsinje womwewo wa Timbuktu. Msonkhano wa ku Berlin wa 1884 mpaka 1885 udalengeza kuti sitima za maiko onse ziziyenda momasuka pa Niger, Royal Niger Company idalandira chilolezo chake mu 1886, ndipo pa 1 Januwale 1900 Frederick Lugard adakweza mbendera ya Britain pa Lokoja. Sokoto idagwa mu 1903.

Madzi a ndani lero

Afalansa adakhazikitsa Office du Niger mu 1932 kuti alime thonje ndi mthirira, pogwiritsa ntchito anthu ogwidwa mokakamiza, ndipo damu la Markala lidatha mu 1947. Lero kumeneko kumalimidwa mpunga wambiri wa dziko la Mali. Ku Nigeria damu la Kainji lidatha mu 1968, ndipo Bussa wakale, kumene Park adafera, udamira pansi pa nyanja yake. Chilala cha m'ma 1970 ndi 1980 chidachepetsa dambo lija kwambiri, ndipo mu Juni 1985 madzi adasiya kuyenda pa Niamey. Maiko 9 ali m'bungwe la Niger Basin Authority, limene lidakhazikitsidwa mu 1980 ndipo likulu lake lili ku Niamey. Dziko la Guinea lakhala likufuna kumanga damu la Fomi pa mtsinje wa Niandan, ndipo asodzi ndi oweta ng'ombe a ku Masina ali ndi chifukwa chodera nkhawa, pakuti madzi osungidwa kumtunda ndi omwe akadasefukira kwa iwo.

Fiqh siidayambe lero kuganiza za zimenezi. Hadith yodziwika imaika madzi, msipu ndi moto m'gulu la zinthu zimene anthu ali nazo limodzi. Al-Mawardi, wa madhhab a Shafi'i, amene adamwalira mu 1058, adagawa mitsinje patatu mu al-Ahkam al-Sultaniyya: ikuluikulu monga Tigris ndi Euphrates, imene aliyense angatungemo ndi kupatutsa ngalande chifukwa madzi ake ndi okwanira onse, ing'onoing'ono yachilengedwe, ndi yokumbidwa ndi anthu. Mu Muwatta muli chigamulo cha Mtumiki Muhammad (Mtendere ndi Madalitso a Allah zikhale pa iye) pa mitsinje iwiri ya ku Madina, choti wa kumtunda asunge madzi mpaka afike mu akakolo, kenako awatsegulire wa kumunsi. Vuto ndi lakuti al-Mawardi adaika mitsinje ikuluikulu m'gulu loyamba poganiza kuti palibe munthu angaichepetse. Damu la masiku ano lingathe. Ngati chifukwa cha lamulo chinali kuchuluka kwa madzi, ndiye kuti Niger wa nthawi ya chilimwe wayandikira gulu lachiwiri, limene wa kumtunda ali ndi malire pa zimene angasunge. Muyeso wa akakolo pa damu lalikulu ngati la Markala ndi wotani, ndi ntchito imene ikudikira maulama ndi akatswiri a madzi kuti akhalire pamodzi.

Mu 2012 magulu a zida adalanda Timbuktu n'kugumula manda a masheikh akale, ndipo mmodzi wa atsogoleri awo, Ahmad al-Faqi al-Mahdi, adagamulidwa mu 2016 ndi khoti la ICC kuti akakhale m'ndende zaka 9. Pothawa mu Januwale 2013 adatentha mabuku olembedwa pamanja pafupifupi 4,000 ku likulu la kafukufuku lotchedwa dzina la Ahmad Baba. Ambiri adapulumuka chifukwa mabanja osunga mabuku, mothandizana ndi Abdel Kader Haidara, anali atawalongedza m'mabokosi achitsulo n'kuwazembetsa. Misewu itatsekeka chifukwa cha nkhondo, mabokosi ena adakwezedwa m'mabwato n'kukwera mtsinje kulowera cha ku Mopti ndi Jenne, kenako pa galimoto mpaka ku Bamako. Kumeneko adapeza mdani wina. Mapepala amene adakhala zaka mazana mumpweya wouma wa m'mphepete mwa chipululu adayamba kugwidwa ndi chinyezi, ndipo osunga adachita kufunafuna makina oumitsa mpweya m'zipinda zimene mabokosiwo adaikidwa.